Mutu 9: Vinyo Wofiira Amene Amakoma Akazizira

Mu Julayi 1395, Philippe le Hardi, amene ankalamulira dera la Burgundy ku France, anagamula mlandu wa mbewu. Woimbidwa mlanduwo unali mtundu wa mpesa wotchedwa Gamay, ndipo chigamulo chinali chakuti uzulidwe m'minda yonse ya m'dera lake. Alimi ankaukonda mpesawu pa zifukwa zomveka. Mliri waukulu umene unasesa Ulaya kuyambira cha m'ma 1348 unali utapulula anthu ogwira ntchito m'minda, ndiye mlimi ankafuna mbewu yosavuta, yopsa msanga, yobereka kwambiri. Gamay anali wotero. Koma wolamulirayo ankaopa kuti vinyo wake aipitsa mbiri ya Pinot Noir, mphesa imene inkapatsa Burgundy ulemu m'nyumba za mafumu ndi za akuluakulu a mpingo.

Si alimi onse amene anamvera lamulolo. Komabe m'kupita kwa zaka, kwawo kwenikweni kwa Gamay kunadzakhala cha kumwera, m'mapiri a Beaujolais, pakati pa mizinda ya Mâcon ndi Lyon. Kumeneko dothi lambiri ndi la mchenga wofiirira wochokera ku miyala ya granite, dothi losauka limene limaletsa mpesa kubereka mopyola muyezo. Mbewu imene kwina inkapereka vinyo wamadzimadzi, kuno inayamba kupereka vinyo wonunkhira ngati zipatso zongothyola kumene. Mu 1999, akatswiri a pa yunivesite ya California ku Davis, motsogozedwa ndi Carole Meredith, anayeza DNA ya mipesa nʼkupeza kuti Gamay ndi mwana wa Pinot yemweyo. Kholo linalo ndi mphesa yoyera yotchedwa Gouais blanc, imenenso inali yonyozeka kwambiri pakati pa olemera.

Lero Gamay ndiye mtsogoleri wa banja la mavinyo ofiira opepuka, amene eni ake amawamwa ozizira. Ambiri mwa achibale ake anadutsa njira yomweyo: anatchedwa vinyo wa anthu wamba, anazulidwa, kenaka anakumbukiridwa mochedwa. Tisanawayendere kwawo, pali funso loyamba kuliyankha. Ngati aliyense amadziwa kuti vinyo wofiira salowa mu furiji, bwanji awa akulowamo?

Yankho lagona pa tanini. Ameneyu amapezeka m'makoko a mphesa, m'njere zake ndi m'timitengo ta tsango, ndipo amalowa mu vinyo panthawi imene madzi a mphesa akuwira pamodzi ndi makokowo. Akafika m'kamwa, tanini amagwirana ndi mapuloteni a m'malovu, nʼchifukwa chake lilime ndi nkhama zimauma nʼkukhakhala. Aliyense amene anamwapo tiyi wopanda mkaka amene masamba ake anakhalitsa m'madzi amakudziwa kuuma kumeneku, ndipo tiyiyo akazizira kumanyanya. Vinyonso ndi chimodzimodzi. Cabernet Sauvignon, amene mphesa zake ndi zazing'ono komanso za makoko ochindikala, amadzaza ndi tanini. Mukamuziziritsa kwambiri, fungo la zipatso limabisala, nʼkutsala kuwawa ndi kukhakhala basi.

Mphesa za makoko opyapyala zili ndi tanini wochepa, motero kuzizira sikupeza choti kukulitse. M'malo mwake kumadzutsa kakuwawasa kosangalatsa ka chipatso, kumachepetsa fungo la mowa limene limakwera m'mphuno vinyo akatentha, ndipo munthu amamva matcheri, sitiroberi kapena maluwa momveka bwino.

Nawo mwambo womwera vinyo wofiira pa kutentha kwa m'nyumba uli ndi kwawo. Unabadwira m'nyumba zamiyala za ku Ulaya kusanabwere zipangizo zamakono zotenthetsera, pamene botolo lochokera m'chipinda chapansi linkaikidwa m'chipinda chodyera kuti lifunde pang'ono, kufika mwina madigiri 16 kapena 18. Langizoli linayenda dziko lonse, koma nyengo yake inatsala. Ku Lilongwe kapena ku Lusaka mu Okutobala, m'nyumba mumatha kufika madigiri 30, ndipo ku Chikwawa ndi ku Nsanje mumaposa pamenepo. Pa kutentha kotere ngakhale vinyo wolemera amafuna kukhalako pang'ono mu furiji. Wopepuka ndiye amakoma pa madigiri 12 mpaka 14.

Tibwerere ku Beaujolais, chifukwa kumeneko kupepuka kwa vinyo sikuchokera ku mphesa yokha, kumachokeranso ku kapangidwe. M'madera ambiri mphesa zimayamba zachotsedwa pa tsango nʼkuphwanyidwa. Ku Beaujolais, matsango amathyoledwa ndi manja nʼkuthiridwa athunthu mu thanki. Mphesa zapansi zimaphwanyika ndi kulemera kwa zinzake, madzi ake amayamba kuwira, ndipo kuwirako kumatulutsa mpweya wa carbon dioxide umene umadzaza thanki yonse. Mphesa zapamwamba, zikadali zathunthu, zimasowa mpweya wabwino. Zikatero zimayamba kuwira zokha mkati mwake popanda yisiti, mpaka mowa wake kufika pafupifupi 2 peresenti. Kuwawasa kwina kumachepa, ndipo mtundu wofiira umachoka ku makoko nʼkulowa mu mnofu wa chipatso, pamene tanini wambiri watsalira m'mbuyo. Pakapita masiku angapo mphesazo zimafinyidwa, yisiti nʼkumaliza ntchito. Katswiri wa ku France, Michel Flanzy, anafufuza za kuwira kwa mtundu umenewu m'zaka za m'ma 1930, ndipo opanga vinyo amakutcha macération carbonique.

Vinyo wopangidwa motere safuna kudikira zaka. Mzinda wa Lyon unadziwa zimenezi kalekale. M'malo ake odyera ang'onoang'ono otchedwa bouchon, mmene mumadyedwa masoseji, zam'kati ndi nyama ya nkhumba ya mafuta, Beaujolais amabwera pa tebulo mu botolo la galasi lochindikala kunsi, lolowa masentilita 46. Vinyo wozizira, wowawasa pang'ono, amatsuka mafuta m'kamwa, munthu nʼkufuna nthuli ina.

Kenaka kunabwera Beaujolais Nouveau, amene anatchukitsa derali nʼkutsala pang'ono kulimiza. Ameneyu ndi vinyo wa chaka chomwecho, wogulitsidwa patangopita milungu yochepa mphesa zitakololedwa. Malamulo a mu 1951 analola kuti azigulitsidwa msanga, ndipo kuyambira 1985 tsiku lake ndi Lachinayi lachitatu la Novembala. Wamalonda Georges Duboeuf, amene anamwalira mu 2020, analimbikitsa kwambiri tsikuli ndi mabotolo ake ojambulidwa maluwa. Anthu a ku Britain ankachita mpikisano wothamangitsa mabotolo oyamba ku London. Japan inadzakhala msika waukulu kunja kwa France, ndipo poti kumeneko kumacha msanga, anthu a ku Tokyo amatsegula mabotolo awo a ku Paris asanayambe. Ku Hakone, ku Japan komweko, kulinso malo osambira kumene vinyoyu amathiridwa mu dziwe pa tsikulo.

Ndalama zinalowa, koma mtengo wake unali wowawa. Pofuna kukwanitsa msika, alimi ambiri anakokomeza zokolola ndi feteleza ndi mankhwala, ankathira shuga kuti mowa ukwere, ndipo ankagwiritsa ntchito yisiti wogula amene ankapatsa vinyo fungo la nthochi ndi maswiti. Anthu atatopa nalo fungolo, anatopanso ndi dzina lonse la Beaujolais. Chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 vinyo wambiri anasowa omugula, ndipo minda yambiri inazulidwa.

Amene anapulumutsa ulemu wa derali anali alimi ochepa amene anakana kuyenda ndi gulu. Mphunzitsi wawo anali Jules Chauvet wa ku La Chapelle-de-Guinchay, wogulitsa vinyo amenenso anali katswiri wa sayansi, yemwe anamwalira mu 1989. Iye ankaphunzitsa kuti mphesa zikhale zakupsa ndi zathanzi, ziwire ndi yisiti wachilengedwe wa pa makoko ake, ndipo mankhwala osungira a sulufule achepe kwambiri. Alimi anayi a ku Morgon, Marcel Lapierre, Jean Foillard, Guy Breton ndi Jean-Paul Thévenet, anatsata njirayi m'zaka za m'ma 1980, anzawo akuwaona ngati osokonekera. Kermit Lynch, wamalonda wa ku California, anayamba kugula vinyo wawo nʼkuwadziwitsa ku America. Mabotolo awo ndiwo anaphunzitsa m'badwo watsopano ku Paris, New York ndi London kuti vinyo wopepuka angathe kukhala wozama, ndipo chidwi cha masiku ano pa vinyo wofiira wozizira chinamera kwambiri kuchokera pa ntchito ya anthu amenewa.

Wogula ayenera kudziwa kuti mavinyo apamwamba a derali nthawi zambiri salemba dzina la Beaujolais m'zilembo zazikulu. Amalemba dzina la mudzi kapena phiri, ndipo mayina otero alipo khumi. Lomaliza kulandira ulemuwu linali Régnié mu 1988. Sali ofanana ayi. Chiroubles, amene minda yake ili pamwamba kwambiri, ndi Fleurie amapereka vinyo wofewa wonunkhira maluwa, woyenera kuzizira bwino ndithu. Morgon wa pa phiri la Côte du Py ndi Moulin-à-Vent ali ndi msana, amatha kusungidwa zaka, ndipo amangofuna kaziziridwe kochepa.

Kwina ku France nkhani yake ndi yachidule. M'chigwa cha mtsinje wa Loire, ku Chinon, Bourgueil ndi Saumur-Champigny, mphesa ya Cabernet Franc, imene eni dera amaitcha breton, imapereka vinyo amene malo omwera a ku Paris akhala akumupereka wozizira kwa nthawi yaitali. Komweko kuli Pineau d'Aunis, wa fungo la tsabola wakuda. Ku Jura, kufupi ndi malire a Switzerland, kuli Poulsard, wa makoko opyapyala kwambiri moti mlendo akaona tambula amayesa ndi vinyo wotuwira wotchedwa rosé. Tauni ya Arbois, kumene wasayansi Louis Pasteur anakulira ndiponso kumene anali ndi munda wake wa mpesa chapafupi, ndiyo likulu la vinyo wa ku Jura, ndipo inali m'gulu la madera oyamba kulandira chitetezo cha dzina m'malamulo a France mu 1936.

Ku Italy, mlandu wofanana ndi wa Beaujolais unagwera Lambrusco. Ameneyu ndi vinyo wofiira wa thovu wa m'chigawo cha Emilia-Romagna, makamaka kuzungulira Modena ndi Reggio Emilia. M'zaka za m'ma 1970 ndi 1980, mtundu wake wotsekemera, makamaka wa bungwe la alimi la Riunite, unagulidwa kwambiri ku America mpaka anthu anayamba kuganiza kuti Lambrusco yense ndi chakumwa cha shuga. Eni ake amamwa wina. Pa tebulo la ku Modena, pambali pa nyama zoumika ndi tchizi wa Parmigiano Reggiano, pamakhala Lambrusco wosatsekemera, amene pa botolo amalembapo mawu akuti secco. Wa ku Sorbara ndi wofiira motuwira komanso wowawasa mokoma. Grasparossa wa ku Castelvetro ndi wakuda bii, wa thovu lofiirira. Onsewa palibe amene amawamwa ofunda.

Kumpoto, m'mapiri a Alps ozungulira Bolzano, kumene anthu ambiri amayankhula Chijeremani, kuli mphesa ya mayina atatu: Schiava kwa Ataliyana, Vernatsch kwa eni mapiri, ndi Trollinger ku Württemberg m'dziko la Germany, kumene ndi vinyo wa tsiku ndi tsiku wa anthu a ku Stuttgart. Alimi ambiri anaizula kuti adzale mphesa zoyera zimene zinali pa mtengo wabwino, ndipo yotsalayo, monga ya ku Santa Maddalena, ndiyo ikusakidwa tsopano. Chodabwitsa chili ku Sicily. Chilumba chotentha chonchija munthu angayembekezere vinyo wolemera yekhayekha, koma pa dothi la mchenga wofiira la ku Vittoria pamamera Frappato, wopepuka, wonunkhira sitiroberi. Akamusakaniza ndi Nero d'Avola amapanga Cerasuolo di Vittoria, amene mu 2005 anakwezedwa kufika pa gulu lapamwamba kwambiri m'malamulo a vinyo a ku Italy.

Frappato akutiphunzitsa kuti kupepuka sikudalira dziko lozizira lokha, ndipo umboni wina uli kumwera kwa dziko lapansi. Ku Chile kuli País, mpesa umene anthu a ku Spain anabwera nawo m'zaka za m'ma 1500. Kwa zaka mazana ambiri unali vinyo wa m'matchalitchi ndi wa m'midzi. Olemera a ku Santiago atabweretsa mipesa ya ku Bordeaux m'zaka za m'ma 1800, País anatsala m'manja mwa alimi ang'onoang'ono a ku Maule, Itata ndi Bío Bío, amene ankapanga naye vinyo wotchipa wotchedwa pipeño. Poti panalibe ndalama zosinthira minda, mipesa yakaleyo inakhalabe, yopanda mthirira, ina yoposa zaka zana. Umphawi umene unaisunga ndi womwewo umene unazunza eni ake, ndipo nʼkoyenera kuti pamene mabotolo a País akugulidwa ku London, funso la mtengo umene mlimi amalandira pa mphesa zake lisaiwalike.

Kwa wowerenga wa ku Malawi, Zambia kapena Zimbabwe, nkhani yapafupi ndi ya South Africa, poti vinyo wambiri wa m'masitolo athu amachokera kumeneko. Vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 Febuluwale 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, koma mphesa ya nkhani yathu inafika m'zaka za m'ma 1800. Dzina lake ndi Cinsaut, ena amalemba Cinsault, ndipo kwawo ndi kumwera kwa France. Imapirira chilala ndi dzuwa, nʼchifukwa chake inadzalidwanso ku Algeria, Morocco ndi Lebanon. Ku Cape ankaitcha Hermitage. Mu 1925 Abraham Izak Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anaikwatitsa ndi Pinot Noir, ndipo pambuyo pake mwana wake anatchedwa Pinotage, kuphatikiza mayina a makolo awiriwo.

Mwana anatchuka, kholo nʼkukhala wantchito wosatchulidwa dzina. Kwa zaka zambiri Cinsaut ndiye anali mphesa yofiira yodzalidwa kwambiri ku South Africa, koma ankathera mu brandy ndi m'mavinyo osakaniza otchipa monga Tassenberg, amene ophunzira a m'mayunivesite amangomutcha Tassies. Dzikolo litatsegukiranso malonda a kunja m'zaka za m'ma 1990, ogula ankafuna Cabernet Sauvignon, Merlot ndi Shiraz, ndipo minda ya Cinsaut inazulidwa yambirimbiri.

Yotsala inapezeka ndi anthu a mbali ziwiri zosiyana. Oyamba anali opanga vinyo achinyamata a ku Swartland, dera louma la tirigu kumpoto kwa Cape Town, amene kuyambira 2010 mpaka 2015 ankachita chikondwerero chotchedwa Swartland Revolution ku Riebeek Kasteel. Eben Sadie, mmodzi wa iwo, amapanga vinyo wotchedwa Pofadder kuchokera ku mipesa yakale ya Cinsaut. Wachiwiri anali Rosa Kruger, mayi amene anayendayenda m'mafamu kulemba kumene kuli mipesa yakale, ntchito imene inabala bungwe la Old Vine Project. Mpesa ukakwanitsa zaka 35, vinyo wake amaloledwa kukhala ndi chidindo chosonyeza chaka chimene munda unadzalidwa. Ku Wellington kuli munda wa Cinsaut wodzalidwa mu 1900 umene ukuberekabe. Mpesa wokalamba umabereka zochepa, koma zochepazo zimakhala ndi kukoma kokhathamira, ndipo Cinsaut wotere ndi mmodzi wa mavinyo abwino kwambiri omwa ozizira amene munthu angapeze kumwera kwa Africa kuno.

Nanga munthu akaima pa shelefu, adziwa bwanji? Dzina la mphesa ndilo poyambira: Gamay, Cinsaut, Grenache wopepuka, Pinot Noir wachinyamata, Zweigelt wa ku Austria, ngakhale Pinotage amene ena tsopano akumupanga mopepuka dala. Kenaka aone mphamvu ya mowa. 13 peresenti kapena kucheperapo ndi chizindikiro chabwino. Akayang'anitsa botolo pa kuwala nʼkuona kuti kuwalako kukudutsa, ali pa njira yoyenera. Chaka chikhale chaposachedwa, chifukwa ambiri mwa mavinyowa amakoma akadali ana. Vinyo amene botolo lake likunyadira miyezi yambiri m'migolo yatsopano ya mtengo wa oak ndi woti amusiyire tsiku lina, poti mtengowo umawonjezera tanini wake.

Kuziziritsa kwake nʼkosavuta. Furiji ya m'nyumba imakhala pa madigiri 4 kapena 5, kuzizira kopitirira muyezo, ndiye botolo lochokera pa shelefu m'nyengo yotentha likhalemo pafupifupi ola limodzi, osati usiku wonse. Ngati lagonamo, litulutsidwe lidikire kanthawi. Njira yachangu ndi ndowa ya madzi osakaniza ndi ayezi, chifukwa madzi amakhudza botolo lonse pamene ayezi yekha amasiya mipata. Mphindi 15 kapena 20 zimakwana. Kunja kukatentha ndi bwino kuyamba lili lozizira kuposa muyezo, kuthira pang'onopang'ono mu tambula, nʼkubwezera botolo m'ndowa, poti vinyo wa mu tambula amafunda pa mphindi zochepa. Pali chinthu chimodzi choyenera kuchikumbukira pano: kuzizira kumabisa fungo la mowa, sikuchotsa mowawo. Vinyo wa 12 peresenti ali ndi mphamvu kuposa kawiri mowa wamba wa m'botolo, ndipo amatsetsereka pa khosi mosavuta.

Pa chakudya, mavinyowa amafika pamene ofiira olemera amalephera. Amagwirizana ndi nkhuku yowotcha, soseji, nyama ya nkhumba, ndiponso nsomba yowotcha pa makala monga chambo, imene Cabernet angaiphimbe kukoma. Ndiwo za tsabola wambiri zimakalipa kwambiri zikakumana ndi tanini ndi mowa wamphamvu, koma Cinsaut kapena Gamay wozizira amayenda nazo bwino. Botolo likatsala, litsekedwe nʼkubwerera mu furiji. Limakhala bwino masiku awiri kapena atatu.